A inshuwalansi akufuna kuwerenga kabokosi ka m'galimoto yanga, ndisayine?

Nachisale_Dallas

Abale ndithandizeni nzeru, makamaka amene muli kuno ku America kapena amene mumadziwa za magalimoto. Sabata ziwiri zapitazo ndinachita ngozi ndikuchokera ku ntchito ya usiku, cha m'ma 7 koloko m'mawa, pa maloboti ena kufupi ndi komwe ndimakhala. Ine ndimapita molunjika loboti ili ya giliini, kenako pikapu yomwe imachokera kutsogolo kwangaku inangokhota kumanzere kudula njira yanga, ndinayesa kuponda buleki koma kunali kutachedwa, ndinangomva phuu ma airbag atandimenya kumaso, m'galimoto monse fumbi ngati wina wakutumula thumba la ufa. Mulungu ngwabwino ndinatuluka wamoyo, dzanja lokha ndi lomwe lili mu pulasitala, komanso pachifuwa pakuwawabe pomwe panadutsa lamba. Ka Corolla kanga ka 2017 ndiye kanatheratu, kali ku yadi komwe anakakokera.

Tsono dzulo kwabwera kalata yochokera kwa a inshuwalansi a bambo wa pikapu uja. Akuti ndisagulitse kapena kukhudza galimotoyo, ndiye aikamonso fomu yoti ndisayine kuwalola kuti akakoke data mu chinthu chomwe akuchitcha EDR. Ine sindimadziwa n'komwe kuti galimoto yanga ili ndi black box, ndimayesa ndi za ndege zokha.

Chikundidetsa nkhawa ndi ichi, kwa apolisi ndinanena kuti ndimayenda mamailosi 40 pa ola poti malire pamenepo ndi 40, koma kunena zoona ndinali nditatopa ndipo sindinayang'ane pa dashibodi, mwina inali 45 mwina 48 kaya. Komanso nthawi imeneyo ndimayankhula ndi mng'ono wanga wa ku Lilongwe pa sipika ya galimoto, nkhani zake za kubanja zosati n'kumva anthu. Kodi kabokosi kameneka kamajambula mawu? Kamasunga malo onse omwe ndakhala ndikupita? Ndili ndi ufulu wokana? Msuweni wanga akuti tipite ku yadiko Loweruka tikangokazula tikakataye, nkhani ithe. Ndichite bwanji?

Makaniko_wa_pa_Biwi

Pepani kwambiri asisi, chachikulu muli moyo, galimoto mudzagula ina.

Za malamulo a kumeneko ayankha ena, ine ndikuuzeni za kachitsuloko poti timakagwira ndi manja pafupifupi sabata iliyonse. Choyamba si kakuda ayi kkkk. Ndi kompyuta ya ma airbag yomwe ija, kabokosi ka aluminiyamu kokwana pachikhatho, kali ndi mapulagi achikasu, ndipo pa ma Toyota ambiri kamamangidwa ndi mabawuti pansi pakatikati pa galimoto, kutsogolo kwa giya kunsi kwa wailesi. Ntchito yake yeniyeni ndi kuganiza kuti apa ndiphulitse airbag kapena ayi. Tsono poti kamayenera kudziwa zomwe galimoto ikuchita, opanga anangoti kazisunganso timasekondi tomaliza tija.

Kamalemba n'kumafufuta, kulemba n'kumafufuta, tsiku lonse mukuyenda. Mukangogunda mwamphamvu m'pamene kamagwira zomwe zinalipo masekondi pafupifupi 5 ngozi isanachitike: sipidi, ngati phazi linali pa buleki kapena pa moto ndipo mumaponda mozama bwanji, injini imazungulira bwanji, lamba munamanga kapena ayi, kugundako kunali kwamphamvu bwanji, airbag inaphulika nthawi iti. Ena amasunganso momwe munakhotetsera sitiyalingi. Mawu ayi. Kamera mulibe. Komwe munapita dzana sikadziwa. Ndiye za mng'ono wanuzo mtima m'malo, zinathera pa foni pomwepo.

Poti kwa inu ma airbag anaphulika, zimenezo zinakhomeredwa, sizifufutika zokha ngakhale batire achotse. Zomwe zimatha kufufutika ndi za kugunda pang'ono komwe airbag sinatuluke, china chikabwera chimalemba pamwamba.

Powerenga amagwiritsa kamakina ka Bosch kotchedwa CDR, amalumikiza pa soketi ija ili kunsi kwa sitiyalingi yomwe timabayapo kompyuta tikamafufuza matenda a galimoto, ngati magetsi anafa amachotsa kabokosiko n'kukawerengera patebulo. Si kamakina kathu ka diagnosis kaja ayi, kameneko sikaona zimenezi.

Koma china ndikuuzeni, kabokosi sikaona msewu. Sipidi kamaitenga ku masensa a galimoto, kutengera momwe matayala akuzungulirira. Mukaika matayala aakulu kuposa a kufakitale nambala imasiyana ndi zenizeni, tayala likamaterereka pamadzi kapena likakhala m'malere limazungulira mopenga kabokosi n'kulemba sipidi yoti galimoto sinafikepo. Ndiye ngati munasinthako sayizi ya matayala muwauze okuthandizaniwo.

Phiri_Houston

Achemwali pepani ndi ngoziyo. Ndiyambe ndi msuweni wanuyo: musayerekeze. Chonde musayerekeze. Mwalandira kale kalata yoti musunge galimoto, ndiye mukakazula kabokosiko khoti lidzati mwawononga umboni dala, ndipo jaji ali ndi mphamvu youza anthu oweruza aja kuti aganize kuti zomwe zinali m'menemo zinali zokutsutsani. Pamenepo 45 yanu ija m'maganizo mwawo isanduka 80. Ku yadi kulinso makamera. Mlandu woti mukanawina bwinobwino muuluza chifukwa cha sipanala.

Ine si loya, ndimagwira ntchito ya mapepala mu ofesi ya maloya a za ngozi, ndiye izi muzitenge ngati za mnzanu, loya wanu mukamupezebe. Lamulo lalikulu ndi Driver Privacy Act ya 2015. Limati data ya mu EDR ndi ya mwini galimoto, kapena amene waitenga pa lease. Si ya Toyota, si ya inshuwalansi, si ya apolisi. Munthu wina angaikoke pokhapokha mwini walola, kapena khoti lalamula, kapena ndi kafukufuku wa boma pa ngozi monga wa bungwe lofufuza ngozi la NTSB, kapena ikufunika kuti a ambulansi adziwe mothandizira ovulala, kapena ndi kafukufuku wa chitetezo cha pamsewu pomwe dzina lanu ndi nambala ya galimoto zabisidwa. Texas ilinso ndi lamulo lakelake lonena zofananazo. California ndi yomwe inayamba, lawo linayamba kugwira ntchito mu 2004.

Ndiye inde, fomu ya kampani ya bambo wa pikapuyo mutha kukana kusayina, simuli nawo pa mgwirizano uliwonse. Koma musadzinamize kuti mukakana ndiye zatha. Nkhani ikalowa m'khoti adzapempha jaji ndipo nthawi zambiri jaji amalola, poti ndi umboni wokhudza ngoziyo mwachindunji. Kukana kumangokupatsani mpata woti zichitike mwadongosolo, katswiri wa mbali yanu alipo, aliyense atenge kope yake, ndiponso kabokosi ka pikapuyo kawerengedwe tsiku lomwelo. Anthu amaiwala zimenezi. Nayenso ali nako! Kakhoza kuonetsa kuti sanaime n'komwe, anangoponda moto kuti adutse inu musanafike.

Msampha womwe ndaona anthu ambiri akugweramo ndi wa inshuwalansi yanu yomwe. Mu polisi yanu muli mawu oti mudzagwirizana nawo pofufuza, ndiye iwo kuwakaniratu n'kovuta. Chachiwiri, akanena kuti galimoto yatheratu n'kukupatsani cheke, inu mumasayina title, chikalata cha umwini wa galimoto, kuwapatsa, kuyambira pamenepo mwini galimoto ndi iwowo, ndipo lamulo lija likuti data ndi ya mwini. Mwaona pamene pali nkhani? Kenako galimoto imapita ku okushoni, wina n'kuigula ya zipangizo, umboni wanu wapita. Ndiye musasayine title musanalankhule ndi loya.

Za 45 kapena 48 zisakusowetseni tulo kwambiri. Wokhota kumanzere ndi amene amayenera kudikira obwera molunjika. Ku Texas amagawa kulakwa m'maperesenti, akati inu munalakwa 15 pa 100 amangochotsa gawo limenelo pa chipukuta misozi chanu, mumaluza zonse pokhapokha ngati kulakwa kwanu kwapitirira theka. Muli ndi zaka ziwiri zoti mukasume koma musadikire, yadi imawerengera ndalama tsiku lililonse. Maloya a ngozi ambiri salipiritsa kukambirana koyamba, amadzatenga gawo lawo mukawina, kawirikawiri limodzi mwa magawo atatu.

Ndipo kuyambira lero musanenenso nambala ya sipidi kwa wina aliyense woyimba foni. Ngati simunayang'ane, yankho loona ndi loti simunayang'ane.

Chatsalira265

Ine ndiye kabokosi kameneka ndimakakonda kkkk, kalibe m'bale, sikadziwa kuti uyu ndi bwana. Mukukumbuka za Tim Murray? Anali wachiwiri kwa gavanala wa Massachusetts. November 2011 m'bandakucha anagwetsa galimoto ya boma, Ford Crown Victoria, iye n'kuuza anthu kuti amayenda bwinobwino, lamba anamanga, chinamuterereketsa ndi madzi oundana pamsewu. Atolankhani anakakamira mpaka data inatuluka: 108 mamailosi pa ola, ndiye kuti cha m'ma 174 makilomita, lamba osamanga. Nkhani inasintha pompo, akuti mwina ndinagona. Anamulipiritsa $555.

Winanso Jon Corzine gavanala wa New Jersey mu 2007, amamuyendetsa wapolisi, 91 pamsewu wa 65, mkuluyo ali kutsogolo opanda lamba, anatsala pang'ono kufa. Katswiri wa gofu Tiger Woods mu February 2021 ku California chimodzimodzi, apolisi anakatenga chilolezo ku khoti n'kuwerenga kabokosi ka galimoto ya Genesis yomwe amayendetsa, anapeza 84 mpaka 87 pamalo a 45, buleki sinapondedwe, phazi linali pa moto.

Ndiye mukamati privacy privacy ine ndimadabwa. Uli pamsewu wa anthu onse, sipidi yako aliyense akuiona ndi maso, chinsinsi chake chiti? Akanakhala mwana wanu wagundidwa bwenzi mukuti kabokosi kasawerengedwe? Sindikunena inu a Nachisale, inu anakudulani ndi uja.

Phiri_Houston

@Chatsalira265 akulu, mfundo yanuyo khoti lina la apilo ku California linagwirizana nayo mu 2013, linati sipidi ndi buleki ndi zinthu zoonekera kunja ndiye palibe chinsinsi. Koma makhoti ena anakana. Ku Florida apolisi anakoka data patatha masiku 12 galimoto ili m'manja mwawo, opanda waranti, mu 2017 khoti la apilo linavomereza kuti umboniwo utayidwe, linati kulowa mu kompyuta ya galimoto kukufanana ndi kulowa mu foni ya munthu. Ku Georgia ndiye kunali koopsa: December 2014 munthu wa Dodge Charger anagunda Corvette yomwe imatuluka pa geti, anthu awiri anafa, apolisi anabaya makina awo pamalo a ngozi pomwepo n'kupeza 97 pamsewu wa 45. Waranti anakatenga mawa lake. Munthuyo anamangidwa, koma mu October 2019 khoti lalikulu la Georgia linagwetsa chigamulocho chifukwa analowa m'galimoto kukafufuza asanapite kwa jaji.

Palibe amene akuti kabokosi kasawerengedwe. Tikuti wapolisi ayambe wakagogoda kwa jaji, afotokoze chifukwa. Pa Tiger Woods mwanena nokha kuti anakatenga chilolezo. Zimatenga maola ochepa chabe, ndipo taonani ku Georgia, ulesi wa tsiku limodzi unapweteka abale a anthu omwe anafawo.

Komanso musaiwale kuti timasekondi tija tikukula. Lamulo la boma lomwe linayamba kugwira ntchito mu September 2012 limati galimoto ikakhala ndi EDR isunge zinthu zosachepera 15, masekondi 5, kawiri pa sekondi iliyonse. Kumapeto kwa 2024 a NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, anatulutsa lamulo lokweza kufika masekondi 20, kakhumi pa sekondi. Pano akunena za 20, ndani akudziwa pomwe zidzaimire.

Mai_a_Tadala_Leeds

Pepani mwana wakwathu, Ambuye akuchizeni msanga.

Ine ndingowonjezera kuti tisasakanize zinthu ziwiri, poti nanenso zinandisokoneza. Kuno ku UK tikati black box timanena kachipangizo komwe a inshuwalansi amaika m'galimoto za ana ongoyamba kuyendetsa kuti mtengo utsike. Mwana wanga wamkulu ali nako. Kameneko ndiye kazitape weniweni, kali ndi GPS, kamadziwa wanyamuka nthawi yanji, wadutsa kuti, wakhota mothamanga, waponda buleki mwadzidzidzi, ndipo kamatumiza zonse tsiku ndi tsiku. Tsiku lina anapita kukatenga mnzake 1 koloko usiku, m'mawa pa app mapointi atsika kale, ine ndinadziwira pomwepo kuti sanagone pakhomo kkkk. Koma kameneko tinasayinira tokha, tinagulitsa chinsinsi kuti tilipire zochepa.

Ka a Nachisale ndi kena, kamangokhala duu mpaka ngozi. Ku EU anakapanga kukhala kokakamiza, mitundu yatsopano ya magalimoto kuyambira July 2022, ndipo galimoto zonse zatsopano kuyambira July 2024, koma lamulo lawo limati kasasunge zoti n'kuzindikira nazo mwini wake.

Chomwe ine chimandiopsa si kabokosi ka airbag, ndi galimoto zatsopanozi zomwe zili pa intaneti nthawi zonse. Mu 2024 New York Times inaulula kuti General Motors imapereka mbiri ya kayendetsedwe ka anthu ku makampani ngati LexisNexis ndi Verisk, iwo n'kumagulitsa kwa a inshuwalansi, anthu akungodabwa mtengo wakwera osadziwa kuti galimoto yawo yomwe ndi imene ikuwanenera. Ambiri sanadziwe kuti analola, zinali mu timawu ting'onoting'ono tija timangodina "agree" pogula. Mu January 2025 a FTC, bungwe la boma la America loteteza ogula, analengeza zoti aletse General Motors kuchita zimenezi kwa zaka 5. Ndiye lamulo lomwe a Phiri atchulalo limateteza kabokosi ka masekondi 5, pomwe chinsinsi chenicheni chikutulukira pa khomo lina.

Ndiponso mwana wanga, foni ija. Kabokosi sikanamve zomwe mumakamba, koma akafuna kudziwa ngati munali pa foni amakapempha ma record a foni kudzera ku khoti. Loya wanu mumuuze zoona zonse tsiku loyamba, asadzazimvere kwa adani.

Nachisale_Dallas

Zikomo nonse, dzulo ndagonako tulo. A Phiri mwandiopseza bwino, msuweni ndamuuza kuti sipanala yake asunge. Ndapita kukatenga katundu wanga ku yadi ndiye ndinatenganso buku la galimoto mu kabati ka kutsogolo, ndapezadi tsamba lonse lofotokoza za EDR, zaka zonsezi lili momwemo ine osaliwerenga. Likunenanso zomwe anena a makaniko, kuti dzina, zaka ndi malo a ngozi sizilembedwa, koma apolisi atha kuphatikiza ndi zomwe apeza okha.

A makaniko, matayala ndinasintha chaka chatha koma ndi sayizi yomweyo. Funso lina, nanga ma ex-Japan athu kumudziku ali nako?

Makaniko_wa_pa_Biwi

Ambiri ali nako asisi, makamaka ma Toyota a zaka za posachedwapa, poti ndi kompyuta ya airbag yomwe ija. Ku Japan komweko kanagwirapo ntchito pa mlandu waukulu. April 2019 ku Ikebukuro mu Tokyo mdala wina wa zaka 87, yemwe kale anali bwana m'boma, analowa ndi Prius pa malo owolokera anthu n'kupha mayi ndi kamwana kake. Iye anakakamira m'khoti kuti galimoto ndi yomwe inapenga, buleki sinagwire. Data inaonetsa kuti phazi linali pa moto, buleki sanaiponde. Mu 2021 anamupatsa zaka 5. Ngakhale nthawi ija Toyota imanenedwa ku America kuti galimoto zake zikuthamanga zokha, mu 2010 boma linawerenga timabokosi 58, pa 35 buleki inali isanapondedwe n'komwe. Munthu ukadzidzimuka umalumbira kuti ndaponda buleki pomwe waponda moto, ndipo sukunama dala, mutu umakhulupiriradi.

Ndikamva pa wailesi kuti minibasi yagubuduzika "mabuleki anaduka" ndimangoti kabokosi kakanayankhula. Koma kuno galimoto ikachita ngozi imabwera kwa ife kudzawongola, mwini wake chomwe akufuna ndi choti ka nyali ka airbag kazime pa dashibodi basi. Ndiye kabokosi kaja timachotsa n'kuika ka pa sikilapu, kapena anyamata a malaputopu amakafufuta mkati. Pashelefu panga pano pali tinayi tomwe eni ake sanabwere kudzatenga, tili ndi fumbi, kena kanachokera mu Sienta yomwe inaphwanyika moti sindikhulupirira kuti munatuluka munthu. Nkhani yonse ya tsiku limenelo ili m'menemo, ine ndimatsamiritsira chitseko mphepo ikamawomba.

Loya_wa_mawa

Ndine wophunzira chabe koma pa za kumudzi ndiyankheko. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lathu limapereka ufulu wa chinsinsi, ndipo likutchula kuti munthu asasechedwe iye, nyumba yake kapena katundu wake mwachisawawa, galimoto ndi katundu. Tilinso ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 yomwe inatsegula njira yoti zinthu za pa kompyuta zizilandiridwa ngati umboni, komanso Data Protection Act ya 2024. Ndiye nkhondo ya waranti yomwe a Phiri afotokozayo ikhoza kumenyedwanso kuno tsiku lomwe wina adzabweretse lipoti la kabokosi m'khoti. Loya wa mbali inayo adzafunsa kuti anakachotsa ndani, kanagona kuti, mukutsimikiza bwanji kuti ndi ka galimoto imeneyi. A makaniko, ndi nkhani yanu ya pa sikilapuyo, funso lomalizali ndi lomwe lingagwetse mlandu, galimoto yogula kwa munthu itha kukhala ndi kabokosi konyamula ngozi ya galimoto ina ya ku Osaka.

Nachisale_Dallas

Ndabwera kudzakuuzani momwe zathera lero. Ndaonana ndi loya, mayi wina wodekha bwino, ndamuuza zonse mpaka za foni. Fomu ija wati ndisasayine, ayankha yekha, ndipo watumiza kale kalata kwa a pikapu kuti nawonso asakhudze galimoto yawo. Akufuna timabokosi tonse tiwiri tiwerengedwe tsiku limodzi akatswiri a mbali zonse alipo. A inshuwalansi yanga anayimba za cheke ndawauza kuti title idikire kaye. Lachinayi ndikupita kuchipatala akaonenso dzanjali, ndiye ngati pali wa kuno ku Dallas amene angandiperekeze m'mawa andilembere ku inbox, kuyendetsa ndi dzanja limodzi sindingathe ndipo galimoto yake ndilibe.